Kunsi kwa Tsamba

M'nyengo yachisanu ya 2023, telala wina wa ku Malawi, amene ankachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg, adaona kuti masamba a mbewu zake ayamba timadontho tachikasu. Mbewuzo zidalipo zinayi, zobzalidwa m'zidebe zakuda, ndipo zinkakhala m'katenti kotalika ngati munthu wamkulu kamene adakaimika pakati pa bedi ndi makina ake osokera. M'katentimo mudali nyali yamagetsi yowala ngati dzuwa lamasana, ndi kafani kamene kankapukusa mutu usana ndi usiku. Mbewuzo zidali chamba, koma mwini wake sankalitchula dzinalo. Akamacheza ndi mnzake wa chipinda choyandikana nacho ankati "ana anga", ndipo mumtima mwake ankangoti "zija".

Sikuti ankaopa apolisi. Pa 18 September 2018, khoti loona za malamulo aakulu a dziko la South Africa lidagamula kuti munthu wamkulu salakwa akalima, kusunga kapena kusuta chamba payekha pamalo pake, malinga asagulitse. Chigamulocho adachipereka Raymond Zondo, yemwe pa nthawiyo adali wachiwiri kwa mkulu wa oweruza. Kwawo ku Malawi zinthu n'zosiyana: mu February 2020 Nyumba ya Malamulo idaloleza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, koma chosuta chikadali mlandu. Telalayo ankazidziwa zonsezi, ndipo ankadziwa kuti mbewu zake zili m'dziko limene sizingamumangitse. Chimene chinkamanga lilime lake chidali chakale kuposa malamulo awiriwo.

Ali Fomu 2, bambo ake adagwidwa ndi munda wa chamba m'mapiri a ku Nkhotakota, boma limene mbiri yake idafika kutali chifukwa cha chamba chimene akunja amachitcha Malawi Gold. Mundawo udatenthedwa, fizi idasowa, sukulu idathera pomwepo. Bambowo adatuluka m'ndende thupi litatha, ndipo sadakhalitse. Amayi ake ndiwo adalera ana asanu ndi dimba la matimati la m'mbali mwa mtsinje. Kuyambira chaka chimenecho mawu oti chamba adasamuka pakhomopo. Chichewa chili ndi mobisalira mwambiri: ena amati fodya wamkulu, ena amati kanundu. Koma pakhomo pawo ngakhale mayina ozembera amenewa sankamveka. Mawu omwewo ali ndi tanthauzo lina losalakwa, lija anthu amati chamba cha maimbidwe kapena chamba cha mavinidwe, koma wailesi ikawatchula choncho amayi ankatsitsa maso n'kupitiriza kusankha mpunga. Bambo awo ankakumbukiridwa ngati mlimi basi, ndipo palibe ankafunsa kuti ankalima chiyani.

Ku Joni, zaka zambiri zowerama pa makina zidamupatsa msana wosagonetsa tulo. Adayamba kugula pangodya ya msewu chimene kumeneko amachitcha dagga, ndipo ankati chimamuthandiza kugona. Tsiku lina adagula chimene chidamuwawa kummero ngati wameza utsi wa pulasitiki, nakhosomola masiku atatu. Sadadziwe kuti adachilima ndani, kapena adachipopera chiyani. Apa m'pamene adaganiza zolima yekha, kuti chilichonse cholowa m'mapapo mwake azikhala atachiona ndi maso ake chikukula. Adasunga ndalama miyezi ingapo nagula katenti, nyali ndi dothi la m'matumba. Mbewu zitatu adafesa yekha. Yachinayi idali kanthambi kozika kale mizu kamene mnzake uja adamupatsa mwaulere.

Munthu wobzala koyamba amasonyeza chikondi chake ndi madzi. Ankathirira m'mawa asanatsegule makina, n'kuthiriranso madzulo, mpaka dothi lidaleka kuuma. Posakhalitsa tintchentche takuda, tochepa kuposa udzudzu, tidayamba kuuluka pamwamba pa zidebe. Timeneti timaikira mazira m'dothi lonyowa, ndipo mphutsi zake zimadya zowola za m'dothimo ndi timizu tanthete. Popeza timadontho tachikasu tidaoneka m'masabata omwewo, iye adalumikiza ziwirizo: nazi zouluka, nawa masamba owonongeka, wolakwa wapezeka. Adapachika timapepala tachikasu tomata, nasiya dothi kuti liziuma pamwamba asanathirirenso. Patatha masabata awiri tintchentcheto tidatha, iye nagona tulo ta munthu wopambana nkhondo. Timadontho tija tidapitirira, kuchokera ku masamba apansi kukwera m'mwamba.

Kenaka adati mwina ndi njala, nawonjezera feteleza mpaka nsonga za masamba zidapserera. Ataona kuti si njala, adapita kusitolo yogulitsa zaulimi nauza wogulitsa kuti mbewu zake zili ndi tizilombo. Wogulitsayo adafunsa kuti tizilombo tanji, iye nasowa yankho. Adabwerako ndi botolo la mankhwala ophera nsabwe za m'masamba ndi mbozi, napopera pamwamba pa masamba mpaka adanyowa. Sabata yotsatira zinthu zidaipiraipira.

Vuto lake lina lidali m'mawu amene ankaganizira nawo. Mawu oti kachilombo ndi chilombo chochepetsedwa: fisi ndi mkango zaikidwa mu ka- ndi ti-, kuti chilichonse chaching'ono chimene chimaluma kapena kudwalitsa chilowemo. Nsabwe ndi kachilombo, nankafumbwe ndi kachilombo, koyambitsa malungo n'kachilombo, ka HIV ndi ka korona n'chimodzimodzi. Mawuwa ndi thumba lalikulu, labwino podandaula, koma losathandiza pogula mankhwala. Munthu amene ali ndi dzina limodzi lokha la adani ake onse amamenya amene wamuona, ndipo amene amaoneka ndi wouluka. Wina uja, amene sauluka ndipo sakhala pamwamba pa tsamba, amapitiriza kudya mwamtendere.

Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika. Choncho mbewu zitakula, telalayo adachepetsa maola a nyali kuchoka pa 18 kufika pa 12, ndipo posakhalitsa timaluwa taubweya woyera tidatuluka m'mphanda za nthambi. M'sabata yachitatu ya maluwa, akutsegula zipi ya katenti, kuwala kudagwera pa kanthu kamene maso a telala sakadakaphonya: ulusi. Udali wopyapyala kuposa ulusi uliwonse umene adaulowetsapo m'singano, wolukidwa kuchokera pa tsamba kufika pa duwa, ndipo pamwamba pake pankayenda timadontho ngati fumbi lamoyo.

Usiku umenewo adakhala pabedi foni ili m'manja kwa nthawi yaitali. Munthu mmodzi yekha amene ankamukhulupirira pa nkhani ya masamba adali amayi ake. Safunsa adadya phula, ndipo iye adali atalidya kale mokwanira. M'mawa adaimbira mlongo wake pa WhatsApp nam'pempha kuti apereke foni kwa amayi. Atalonjerana n'kufunsana za ana ndi za mtengo wa chimanga, adalowa m'nkhani mozungulira.

"Amayi, ndinabzala timatimati m'zidebe, koma masamba akuchita madontho achikasu. Ndayesa feteleza, ndayesa mankhwala, sizikutheka."

"Tandionetsa."

Adathothola tsamba limodzi naliyandikiza kwambiri pa kamera, kuti pazioneka madontho okha, osati maonekedwe a tsamba lonse. Amayi adayang'ana kwa kanthawi.

"Walitembenuza?"

"Kutembenuza bwanji, amayi?"

"Iwe, matenda a tsamba amayambira kunsi. Tenga pepala loyera uliike pansi pake, ndiye uligogode tsambalo ndi chala. Zimene zigwerepo uziyang'ane ngati zikuyenda."

Adang'amba pepala m'buku limene ankalembamo miyeso ya makasitomala, nachita monga adamuuzira. Pa pepalapo padagwera timadontho tambirimbiri, ndipo atadekha adaona kuti tikuyenda. Atatisisita ndi chala tidasiya timizere tobiriwira.

"Ameneyo ndi kangaude," adatero amayi. "Kuno timati kangaude wofiira. Amatha dimba lonse mu October."

"Koma uyu si wofiira, amayi."

"Kufiira si kanthu, ntchito yake ndi imodzi. Kumeneko mvula inagwa liti?"

"Sizili panja. Zili m'nyumba, ndimaziyatsira magetsi."

Amayi adakhala chete pang'ono, kenaka adati: "Ndiye kangaudeyo wam'mangira nyumba, mwana wanga."

Mawu amenewa adali olondola kuposa chilichonse chimene adawerenga pa intaneti pambuyo pake. Kangaude wa m'masamba ndi wochepa ngati theka la milimita. Akakula amakhala ndi miyendo 8, osati 6 ngati nsabwe kapena ntchentche, ndipo ndi mbale wa nkhupakupa ndi akangaude a m'denga. N'chifukwa chake mankhwala ambiri opangidwira tizilombo ta miyendo 6 samugwira bwino, ndipo kumunda amangopha adani ake n'kumusiyira malo. Amakhala kunsi kwa tsamba, kuboola khungu lake n'kuyamwa zam'kati, ndipo kadontho kalikonse kooneka pamwamba ndi pamene wadyapo kale. Kukatentha kufika madigiri pafupifupi 30 ndipo mpweya uli wouma, dzira limaswa m'masiku atatu, ndipo pakangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, amene waswedwayo amayamba kuikira akeake. Wamkazi mmodzi angathe kuikira mazira ofika 100 m'moyo wake. Ulusi ukayamba kuoneka ndiye kuti mibadwo ingapo yadutsa kale.

Johannesburg ndi mzinda wa pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo miyezi ya June, July ndi August kumakhala kouma kwambiri. Anthu ena amamasulira nyengo imeneyi kuti dzinja, chonsecho dzinja la Chichewa ndi nyengo yamvula. M'katenti ka telalayo simudali dzinja kapena chisanu. Nyali inkatenthetsa mpweya wouma kale, ndipo magetsi akazima, monga ankazimira pafupipafupi chaka chimenecho, kafani kankaima pamodzi ndi nyali, n'kusiya mbewu mumpweya wosayenda. Mosadziwa, iye adali atasunga mwezi wa October m'chipinda mwake, chilimwe chosatha, nyengo yeniyeni imene amayi ake ankaiopa kudimba.

Kumunda mlimi sagwira ntchito yekha, ngakhale amaganiza choncho. Mvula yamphamvu imakokolola akangaude pamasamba. Chinyezi cha dzinja chimabweretsa matenda amene amawapha. Tizilombo tina timayenda m'masamba kusaka akangaudewo ndi mazira awo. Antchito onsewa safuna malipiro, ndipo mlimi amangowazindikira tsiku limene asowa. Telalayo adatseka zipi ya katenti kuti ateteze mbewu zake ku dziko, koma zipiyo idatsekera panja mvula ndi alenje, n'kutsekera m'kati mdani mmodzi yekha amene adalowa ngati mlendo. Atayang'ana bwino adapeza kuti mbewu yodwala kwambiri idali ija ya kanthambi kaulere. Wolima m'nyumba amayenera kukhala dzuwa, mphepo ndi mvula ya mbewu zake, ndipo iye adali atakumbukira dzuwa ndi mphepo zokha.

Dzina limene amayi adapereka lili ndi zake zochititsa chidwi. Kangaude amayamba ndi ka-, ngati kachilombo, koma sayenda ngati kanthu kakang'ono. Palibe amati kangaude kafika. Amati kangaude wafika, akangaude afika, monga momwe amatchulira munthu kapena galu. Komanso dzinalo limaphimba mitundu iwiri. Wofiira amene amavutitsa alimi a matimati m'chigawo chino kawirikawiri ndi Tetranychus evansi, mlendo wochokera ku South America amene adapezeka ku Zimbabwe mu 1979 asanafalikire ku maiko oyandikana nawo, ndipo amakonda matimati, mabiringanya ndi mbatata ya kachewere. Wa m'katenti uja, wobiriwira motuwa ndi timawanga tiwiri takuda pamsana, adali Tetranychus urticae, amene sasankha mbewu. Amayi sadadziwe mayina a Chilatini, koma dzina lawo lidali lopapatiza mokwanira kunena zitatu zofunika: kumene mdaniyo amakhala, nyengo imene amaikonda, ndi chimene amachiopa.

Kudziwa dzina sikudathetse nkhondo. Kudangoonetsa kuti nkhondoyo yafika pati. Mnzake uja, pomva chisoni ndi mphatso yake, adabwera ndi kabotolo kopanda chizindikiro, nati n'kamphamvu, kupopera kamodzi akangaude onse agwa. Telalayo adakaika pa makina osokera nakayang'ana usiku wonse. Miyezi itatu, ndalama za magetsi ndi chiyembekezo chake chonse zidali m'maluwa amene ankakutidwa ndi ulusi. Koma maluwa a chamba ndi omata, ndipo chimene chapoperedwapo chimakhalapo mpaka tsiku lokumana ndi moto. Akadapopera, akadakhala yemwe uja wosadziwika amene adamukhosomoletsa masiku atatu, kungoti ulendo uno akadamudziwa nkhope.

Adaimbiranso amayi. Iwo adatchula zimene amagwiritsa ntchito kudimba botolo la kusitolo likadula: madzi a masamba a nimu, madzi a ombwe, tsabola wosinja wosakaniza ndi sopo. Koma adafunsa kaye ngati mbewuzo zayamba kubereka. Atamva kuti zayamba, adati ombwe amapha nsomba mumtsinje, choncho si wothira pa chinthu chimene chatsala pang'ono kulowa m'thupi la munthu. "Pamene wafikapa, mankhwala ako ndi madzi ndi manja. Zimene zadwala kwambiri uzule, usazimvere chisoni. Ukazisunga zidzapha zinzake."

Kuzula kudali kovuta kuposa momwe ankaganizira. Adadula mbewu ziwiri, ija yaulere ndi yoyandikana nayo, naziika m'thumba lapulasitiki asanazitulutse m'katenti, kuti akangaude asayoyokere panjira. Ziwiri zotsalazo adazichotsa masamba onse apansi. Adatsuka katenti ndi sopo, nakweza nyali kuti kutentha kutsike. Masiku atatu alionse ankanyamula zidebe kupita nazo kubafa, n'kutsuka kunsi kwa tsamba lililonse ndi madzi ozizira, chifukwa madzi amachotsa akangaude koma amasiya mazira ena, ndipo mazirawo amaswa m'masiku atatu omwewo. Apa padali msampha wina: chinyezi chimene kangaude amadana nacho n'chimene chuku chimakonda, ndipo duwa lonyowa limawola kuyambira m'kati. Choncho ankasamala kuti maluwa asanyowe kwambiri, n'kuimika mbewu patsogolo pa fani mpaka ziume asanazibwezere.

Chomaliza chimene adachita chidamuseketsa yekha. Adagula tizilombo. Kabotolo kamene adaitanitsa kadali ndi akangaude a mtundu wina, Phytoseiulus persimilis, ofiira ngati lalanje lakupsa, othamanga, amene chakudya chawo ndi akangaude a m'masamba ndi mazira awo. Adaleka kutsuka, nawawaza pamasamba, ndipo madzulo ankakhala ndi galasi lokulitsa zinthu kuonerera alenjewo akugwira ntchito imene kumunda imagwiridwa ulere. Munthu amene milungu ingapo yapitayo ankafuna kupha chilichonse choyenda pa tsamba adali tsopano kudera nkhawa kuti tizilombo take tisafe ndi kuuma kwa mpweya. Mawu oti tizilombo adali atang'ambika pakati: tina tidali adani, tina antchito, ndipo kuti asiyanitse ankayenera kuyang'anitsitsa.

Zokolola zidali zochepa. Zitauma zidakwana m'mabotolo awiri amene kale mudali chiponde. Akadawerengera magetsi, katenti ndi akangaude ogula, wa pangodya uja akadakhala wotchipa. Koma ankadziwa chilichonse chimene chidagwera pa maluwawo, ndipo chidali madzi a pampopi.

Lamulungu lina mu October, amayi ndiwo adayamba kufunsa.

"Matimati aja anapsa?"

"Anapsa pang'ono, amayi. Awiri anapulumuka."

"Ine ndalima matimati zaka zambiri kuposa zimene iwe wakhala ukusoka," adatero mwapang'onopang'ono. "Tsamba unandionetsa lija lili ndi mano m'mbali ngati sowo. Ndinaliona tsiku lomwelo."

Telalayo sadayankhe. Ankamva tambala akulira kumudzi, ndi mlongo wake akukalipira mwana chapatali.

"Bambo ako ankadzuka kusanache kupita kuphiri. Ankayenda mzere ndi mzere akutembenuza masamba. Anthu ankati amakonda chamba chake kuposa ana ake, koma si zoona. Ankawerengera fizi yako pa masamba amenewo." Adapuma pang'ono. "Njira ya pepala loyera ija anandiphunzitsa ndi iwowo. Iwo ankagogodera pa chikhatho."

Zidali zitapita zaka 17 chimvereni mawu amenewo pakamwa pa amayi ake, ndipo adawatchula monga amatchulira chimanga kapena nandolo. Adamuuzanso kuti bambo ake sankasuta n'komwe, ankangolima, ndipo adamufunsa ngati msanawo adakauonetsako kuchipatala. Iye adavomera kuti sadapiteko, nalonjeza kuti apita.

"Kumeneko akuti n'chololedwa?"

"N'chololedwa, amayi, ngati sukugulitsa."

"Chabwino. Koma pobwera pa Khirisimasi usachinyamule, ngakhale kambewu kamodzi m'thumba la malaya. Kuno lamulo ndi lomwe lija. Ndinaperekeza kale munthu mmodzi kukhoti, sindifuna kuperekezanso wina."

"Ndamva, amayi."

Atatsitsa foni adatsuka katenti kachiwiri, nakasiya kopanda kanthu masabata awiri. Mbewu zimene adafesa pambuyo pake zidali ziwiri zokha, ndipo mnzake atabweranso ndi kanthambi kena adamuthokoza nakakana. M'mawa uliwonse, asanaike ulusi m'makina, amatsegula zipi, n'kugwada, n'kuyamba ndi tsamba lapansi penipeni. Pepala loyera limakhala m'thumba la malaya, koma masiku ambiri amagogodera pa chikhatho.